Mwana akamathawa mbale: zoyenera ndi zosayenera kwa makolo a kunyanja

Kuno ku Nkhotakota mwana akayamba kuwonda, mayankho timakhala nawo kale. Wina ati ndi njala, wina ati ndi likodzo poti amasambira m'nyanja, wina anong'ona za kaliwondewonde, agogo ati tsempho. Koma pali nthenda ina imene sitiitchula chifukwa tilibe dzina lake: chakudya chilipo, m'mimba mulibe vuto, koma maganizo a mwana akumuletsa kudya, kapena akumudyetsa mopyola muyeso kenaka n'kumutuma kukasanza. Yoyambayo madokotala amati anorexia nervosa, dzina limene William Gull anapereka ku London mu 1873. Yachiwiriyo ndi bulimia nervosa, imene Gerald Russell anailongosola mu 1979. Zonse ziwiri zimakonda kuyamba mwana akangotha msinkhu, ndipo zimayamba kuonekera pa mbale thupi lisanasinthe.

1. Za matenda a azungu

*Zosayenera:* Kunena kuti izi ndi za azungu, ife kuno timakonda munthu wathupi.

*Zoyenera:* Kukumbukira zimene zinachitika ku Fiji. Kumeneko nakonso kunenepa kunali ulemu, ndipo mlendo wosiya chakudya m'mbale ankadandaulitsa eni nyumba, monga kwathu kuno. Wailesi ya kanema inafika m'dera la Nadroga mu 1995. Wofufuza Anne Becker ndi anzake anafunsa atsikana a sukulu chaka chimenecho ndipo sanapeze wodzisanzitsa pofuna kuchepetsa thupi. Pofika 1998, atsikana pafupifupi 11 mwa 100 alionse anavomera kuti amatero. Zinangotenga zaka zitatu. Ana athu a ku Dwangwa, ku Benga ndi pa Boma lero ali ndi TikTok ndi Facebook m'thumba.

2. Thupi ndi mbale

*Zosayenera:* Kudikira kuti mwana aoneke mafupa. Mwana wa bulimia nthawi zambiri thupi lake limakhala la pakatimpakati, ndipo amene anali wonenepa akhoza kutsika mowopsa anthu akumuyamikira kuti wayamba kuoneka bwino.

*Zoyenera:* Kukhala naye pansi n'kuona mmene akudyera. Apa ndi pamene kadyedwe kathu kamatibisira zambiri. Ana anayi akazungulira mbale imodzi ya kondowole ndi usipa, mbaleyo imatha ndithu, ndipo mayi wotsuka mbale amaona ngati onse akhuta. Sadziwa kuti mmodzi anangotema mbamu ziwiri, n'kumaziumba m'manja mpaka anzake atamaliza. Taonani ngati akusankha chigwada chokha n'kukankha nsomba yokazinga, ngati wayamba kufunsa kuti mwathira mafuta ochuluka bwanji, ngati amamwa madzi makapu angapo asanasambe m'manja. Mverani mawu obwerezabwereza: "Ndadya kale kwa azakhali," "Mundisungire, ndidya mkute," "M'mimba mwandidzadza." Tsiku limodzi si kanthu. Koma milungu itatu ya mawu omwewo, kafunseni kwa azakhaliwo.

Chinanso chimene chimapusitsa makolo ambiri: mwana wotere amakonda kuphika. Amatakasa mphika, amagawira aliyense, amakakamiza azing'ono ake kuti amalize, iye n'kunena kuti wakhuta ndi fungo. Timamutama kuti ndi mkazi wa pakhomo, pamene akufa ndi njala pafupi ndi moto.

3. Akatha kudya

*Zosayenera:* Kungomutcha wakuba kapena wosusuka mukapeza kuti mpunga wa mawa watha usiku, kapena zitumbuwa zogulitsa zikusowa m'beseni.

*Zoyenera:* Kuona chimene chimatsatira. Wodya mobisa ndi mwamanyazi nthawi zambiri amathamangira kuchimbudzi, kuthengo kapena kunyanja akangomaliza. Zizindikiro za kudzisanzitsa zimatsala pathupi: timabala kapena zikang'a pamwamba pa zala pomwe mano amakhula, masaya otupa m'munsi mwa makutu, mano oyamba kudyeka ndi kuchita dzanzi, kukhosi kosachira. Ena amamwa mankhwala otsegula m'mimba kapena masamba a tiyi amene amatsatsidwa pa WhatsApp kuti amachepetsa mimba. Kusanza ndi kutsegula m'mimba kumachotsa mchere wa potaziyamu m'magazi, ndipo mtima ukausowa umagunda mosokonezeka.

4. Kugamula msanga

*Zosayenera:* Kugamula nokha pakhomo. Kumuloza chala kuti watenga kachilombo, kumufunsa mwaukali kuti mimba ndi ya yani poti wasiya kusamba, kapena kutha miyezi kwa asing'anga thupi likunka litsika. Msambo umasiya wokha thupi likasowa chakudya.

*Zoyenera:* Kupita naye kuchipatala, kaya chaching'ono cha kwanuko, cha St Anne's kapena chachikulu cha boma. Kuwonda kuli ndi zifukwa zambiri zenizeni m'dera lathu ndipo zonse ziyenera kuyezedwa: chifuwa chachikulu, HIV, matenda a shuga, njoka za m'mimba, likodzo, kuchepa kwa magazi. Koma chimene ndikufuna kuti musaiwale ndi ichi: zotsatira zikatuluka zabwino, musabwerere kunyumba n'kunena kuti alibe kanthu. Auzeni adokotala zimene mwaona pa mbale, chifukwa makina oyezera magazi saona zimenezo. Mwana yekha sanena. Pemphani kuti alembe kulemera ndi kutalika kwake m'buku la kuchipatala ulendo uliwonse, kuti muzitha kuyerekeza mwezi ndi mwezi. Mwana wa zaka 14 amene sikelo yake yangoima pamalo amodzi chaka chonse akhoza kukhala pa vuto, poti pa msinkhu umenewo amayenera kumakwera.

5. Kusala kudya

*Zosayenera:* Kukayikira mwana aliyense wosala, kapena kuyamikira kusala kulikonse. Boma lathu lili ndi Asilamu ambiri ndi Akhristu ambiri, ndipo kusala ndi gawo lolemekezeka la moyo wathu.

*Zoyenera:* Kusiyanitsa kusala kwa chipembedzo ndi kusala kwa nthenda. Kwa chipembedzo kumachitika pamodzi ndi anthu ndipo kumakhala ndi malire. Wosala Ramadan amadzuka kudya daku, dzuwa likalowa amakhala pa futali ndi anzake mokondwa, mwezi ukatha amabwerera ku kadyedwe kake. Wodwala amadumpha daku, amangolawa futali, ndipo Eid ikadutsa amapeza chifukwa china chopitirizira. Chimodzimodzi mtsikana amene Lenti yake siikutha, kapena amene masiku ake osala ndi kupemphera akungowonjezeka osauza aliyense. Kafukufuku wa atsikana a sekondale ku Ghana, wofalitsidwa mu 2004, anapeza ena amene anadzimana chakudya mpaka kuwonda kwambiri, ndipo sankanena zoopa kunenepa: ankanena za kudziletsa ndi za Mulungu. Choncho musadikire kumva mawu oti "ndanenepa". Pitani kwa ashehe, abusa kapena abambo mfumu akuthandizeni kumuuza kuti wodwala sakakamizidwa kusala. Mawu amenewo akachokera kwa iwo amalemera kuposa anu.

6. Malonje athu

*Zosayenera:* Kulonjera mwana wobwera ku holide ndi thupi lake: "Iwe wanenepatu!" kapena "Koma ndiye wauma ngati bonya." Ife timanena mwachikondi, koma iye akhoza kugona nawo mawuwo mwezi wathunthu. Musamugulirenso mankhwala onenepetsa a pamsika. Ambiri amakhala ndi cyproheptadine kapena dexamethasone, ndipo sachiza mantha a chakudya.

*Zoyenera:* Kumufunsa za ulendo, za mayeso, za anzake.

7. Anyamata

*Zosayenera:* Kuganiza kuti ndi nthenda ya atsikana okha.

*Zoyenera:* Kuyang'ananso mnyamata amene amathamanga mumchenga m'mamawa ndi madzulo ngakhale akudwala malungo, amene wasiya nsima kuti mimba ilimbe, ndipo amakwiya koopsa tsiku limene mvula yamulepheretsa kuchita majowajowa.

8. Kuyankhula naye

*Zosayenera:* Kumukalipira pa mphasa pamaso pa abale, kumumenya, kapena kumukumbutsa kuti ena akugona ndi njala. Akudziwa, ndipo manyazi amenewo ndi amene amamubisitsa. Musavomerenso kuti azidyera yekha kuchipinda pofuna mtendere.

*Zoyenera:* Kusankha nthawi imene palibe chakudya pafupi, mwina potsuka zovala kunyanja kapena popita kumunda, ndi kusankha munthu amene mwanayo amamasuka naye, kaya ndi mayi, azakhali, atsibweni kapena agogo. Nenani zimene mwaona, osati zimene mwagamula: "Mwanawe, ndaona kuti masiku ano sukudya nafe, ndipo usiku ukumva kuzizira ngakhale kukutentha. Ndili ndi nkhawa. Chikukuvuta n'chiyani?" Adzakana, mwinanso adzakwiya. Bwererani tsiku lina. Kawirikawiri pansi pake pamakhala china: kuopa MSCE, kusekedwa kusukulu, maliro a kholo, kapena munthu amene anamugwira thupi mosayenera. Banja si limene limayambitsa nthendayi, koma pa chithandizo cha achinyamata banja ndilo mankhwala aakulu: kudya naye pamodzi, pa mbale yakeyake yoti muone, katatu pa tsiku ndi tina tapakati, ndi kukhala naye kwa ola limodzi akamaliza.

9. Ana okhala kutali

*Zosayenera:* Kungotumiza ufa, usipa ndi ndalama kwa mtsikana wochita lendi pafupi ndi sekondale yoyendera, n'kukhulupirira kuti akudya.

*Zoyenera:* Kufunsa anzake ogona nawo, aphunzitsi ake ndi amayi a gulu loyang'anira atsikana pasukulupo. Anzake amadziwa kale, amangoopa kuoneka ngati akazitape. Ufa wa mwezi umodzi ukakhala miyezi iwiri, musasangalale kuti ndi wosamala.

10. Pamene simuyenera kudikira mawa

*Zosayenera:* Kutenga mwana amene wakhala milungu osadya bwino n'kumukhutitsa nsima, mpunga ndi zotsekemera tsiku limodzi. Thupi lozolowera njala likalandira chakudya chambiri mwadzidzidzi, mchere wa m'magazi umatsika ndipo mtima ukhoza kuima. Wotereyu ayambe kudya moyang'aniridwa ndi achipatala.

*Zoyenera:* Kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo ngati wakomoka, akumva chizungulire akaimirira, mtima ukugunda pang'onopang'ono kapena modumphadumpha, akulephera kudzuka pamene wanjuta popanda kugwira khoma, akusanza magazi, wakana ngakhale madzi, kapena wanena zofuna kudzipha. Anorexia ili m'gulu la matenda a maganizo amene amapha kwambiri, ena chifukwa cha mtima, ena podzipha. Kuchipatala cha boma funsani namwino kapena dokotala woona za matenda a maganizo. Iye ndi amene angakutumizeni ku St John of God ku Mzuzu kapena kuchipatala cha matenda a maganizo ku Zomba ngati pakufunika. Mwana amene akuopa kuyankhula ndi inu mupatseni foni aimbe pa 116, nambala yaulere ya Tithandizane yothandiza ana, ndipo inu mutuluke panja kuti ayankhule momasuka.