Phunziro: Kuphunzitsa Pakhomo Mwana Amene Zakudya Zina Zimamudwalitsa

Kuwerenga: Deuteronomo 6:6-7, Miyambo 22:6

Amai okondedwa, ana ena akadya nshawa, mazira, mkaka kapena nsomba amatuluka ziwengo, amatupa milomo, ena amabanika kumene. Kansinjilo kocepa m'ndiwo kangathe kuika moyo wao pangozi. Cifukwa ca ici, makolo ena amayamba aphunzitsa mwana wotere pakhomo. Nanga tisankhe maphunziro otani?

1. Tsatani silabasi ya boma, kuti mwana asakatsalire akadzalowa sukulu.

2. Onetsetsani zophunzitsira. Powerenga manambala, agwiritse nchito timitengo, osati nshawa.

3. Phunziro loyamba likhale kudziwa cakudya comwe cimamudwalitsa. Aphunzirenso kukana mwaulemu: "Zikomo ambuya, ndiyambe ndafunsa amai."

4. Musamubindikiritse. Azipita ku Sande Sukulu, koma aphunzitsi ake adziwe. Akayamba kubanika, thamangirani naye kucipatala.

Mulungu anapatsa makolo udindo wophunzitsa ana pakhomo. Mwanayu sanalodzedwe, ndipo akakana cakudya si mwano. Iyenso ndi mphatso yocokera kwa Ambuye.

Kukambirana: Tikamaphika pa misonkhano ya Cigwirizano, timawakumbukira bwanji ana otere?

Pemphero: Tipempherere amai amene akulera anawa.