Makalata a Omvera: Foni Yatsopano ndi Ulendo wa Panyanja

Womvera wina wa ku Mtakataka, amene amapalasa bwato panyanja ya Malawi ndipo akufuna kuyamba kuperekeza alendo, walemba kufunsa ngati kuli koyenera kugulitsa foni yake yamabatani kuti agule yamakono yokhala ndi intaneti, popeza wamva kuti ku Cape Maclear alendo amakwera kayak, kabwato kopepuka kopalasidwa ndi nkhafi ya mbali ziwiri, n'kupita ku zilumba za Domwe ndi Mumbo.

Bambo a ku Mtakataka adziwe kuti foni yamakono ndi yothandiza ndithu, chifukwa munthu amatha kukambirana ndi alendo pa WhatsApp ndiponso kuona machenjezo a Nthambi Yoona za Nyengo okhudza mwera, mphepo yamphamvu yochokera kumwera chakum'mawa imene imawindula nyanja makamaka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Komabe batire yake imatha msanga, ndipo ikanyowa kukonzetsa kumadya ndalama zambiri, choncho yamabatani isagulitsidwe, yatsopanoyo izisungidwa m'thumba losalowa madzi.

Omvera a ku Mua ndi Golomoti amene ali ndi maganizo omwewa ayambe agula jekete yoyandamitsa munthu m'madzi, foni ibwere pambuyo.