Musanakwere Phiri la Mulanje

Ophunzira ambiri amalakalaka kukwera phiri la Mulanje pa tchuthi, koma ndi ochepa amene amadziwa za chiperoni. Iyi ndi mphepo yozizira yochokera ku Mozambique, yobweretsa nkhungu ndi mvula yowaza, makamaka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. M'kanthawi kochepa njira imasowa, miyala n'kuyamba kuterera. Alipo amene anapita okha ku Sapitwa, nsonga yotalika mamita 3,002, osabwerako.

Choncho yambirani ku ofesi ya zankhalango ku Likhubula. Lembetsani maina, mutenge wolondolera njira. Ndalama yake musaiumire. Kagoneni ku Chisepo, mulawire m'mamawa mutanyamula madzi, chakudya ndi chovala cha mphepo. Nkhungu ikakupezani m'njira, wolondolera akati tibwerere, bwererani, ngakhale nsonga ikuoneka pafupi.