Khamu la Nyenyezi la Omega Centauri

M'miyezi ya Epulo, Meyi ndi Juni, mitambo ikatha, munthu wopenya kumwera usiku amaona kanthu kotuwa ngati kautsi, kufupi ndi Mtanda wa Kumwera. Dzina lake ndi Omega Centauri. Akale adakayesa nyenyezi imodzi, koma m'chaka cha 1677 Edmond Halley, ali pa chilumba cha St Helena, adazindikira kuti si nyenyezi wamba. Lero kwadziwika kuti ndi khamu la nyenyezi ngati 10 miliyoni, zounjikana monga njuchi pa nthambi. Mu Mlalang'amba muli makamu otere oposa 150.

Kodi m'nyenyezi muli chiyani? Akatswiri amamwaza kuwala kwake kuti kuoneke ngati utawaleza, ndipo m'menemo amapeza timizere takuda. Chinthu chilichonse, kaya chitsulo, kaya sodiyamu wopezeka mu mchere, chili ndi timizere taketake. Potsata njira imeneyi, Cecilia Payne adasonyeza mu 1925 kuti mbali yaikulu ya nyenyezi ndi mipweya iwiri yopepuka, haidrojeni ndi heliyamu.

Pachiyambi chitsulo kudalibe. Mu 1957 Fred Hoyle, William Fowler, Margaret Burbidge ndi Geoffrey Burbidge adalongosola kuti zinthu zolemera zimaphikidwa m'kati mwa nyenyezi. Ng'anjo ya mmisiri imangosungunula chitsulo chimene chili kale m'mwala, koma nyenyezi imapanga chitsulo pamene padalibe. Nyenyezi yaikulu ikafa imaphulika nimwaza zonsezo, monga phulusa la lupsa ligwera m'nthaka, ndipo nyenyezi zobadwa pambuyo zimazilandira. Chifukwa chake kuchepa kwa chitsulo ndi chizindikiro cha ukalamba. M'khamu la M92, la zaka zoposa 12 biliyoni, chitsulo nchochepa ngati ka 200 poyerekeza ndi cha m'dzuwa.

M'makamu ambiri nyenyezi zonse zili ndi chitsulo cholingana, ngakhale zimasiyana pa sodiyamu ndi okosijeni. Koma mu Omega Centauri zina zili ndi chitsulo chambiri kuposa zinzake. Ndiye kuti muli mibadwo ingapo, ndipo ana adalandira chuma cha makolo. Pa chifukwa ichi akatswiri ambiri amaganiza kuti khamuli ndi phata la mlalang'amba waung'ono umene udamezedwa ndi wathu.

Choncho chitsulo cha khasu, ngakhalenso cha m'magazi a wolima, chidachokera m'nyenyezi zimene zidafa dzuwa lisadabadwe.