Wondiyang'anira sapezeka, nditani?

Alangizi,
Ndikuphunzira za chisamaliro cha anthu ku yunivesite, ndipo anditumiza ku bungwe lina kuno ku Mchinji kuti ndizolowere ntchito. Vuto n'lakuti wondiyang'anira amangokhalira kumisonkhano. Dzulo kunabwera mayi wina akulira kuti mwana wake wa zaka 13 anamutengera ku Zambia kukaweta ng'ombe. Ndiyambe ndekha kufufuza?
Wophunzira, Mchinji

Ayi, musayambe nokha. Wophunzira sasenza mlandu payekha, ndipo uwu si waung'ono. Kutenga mwana kukamugwiritsa ntchito chonchi ndi mlandu pa lamulo loletsa kuzembetsa anthu la 2015, ngakhale makolo atavomera. M'maboma a m'malire ana ambiri sadutsira pachipata ngati cha Mwami, amadzera njira zachidule, n'chifukwa chake kuchedwa kumapweteka.

Lero lomwe, aimbireni foni okuyang'aniraniwo. Akapanda kuyankha, aperekezeni mayiwo ku ofesi ya boma yoona za chisamaliro cha anthu ndi ku Victim Support Unit ya polisi, kapena imbani 116. Lembani dzina la mwana, mudzi, mfumu yake, tsiku limene anachoka ndi amene anamutenga. Zimenezi musaziike pa WhatsApp ya anzanu a m'kalasi, ndipo musawalonjeze mayiwo kuti mwana abwera mawa.

Za kusowa kwa okuyang'aniraniwo, ogwira ntchitoyi ndi ochepa, zoona, koma mwapita kukaphunzira. Pemphani ola limodzi sabata iliyonse lokambirana milandu, komanso akuuzeni wina woti muzimufunsa iwo akachoka. Zikapanda kusintha, dziwitsani aphunzitsi amene anakutumizani.