Thanki Yagalasi ya Nsomba: Kamangidwe ka Zomera pa Chikuni cha Mumtsinje

Kapepala ka ulangizi kwa aphunzitsi, magulu a achinyamata ndi osamalira malo ogona alendo m'dera la Mfumu Yaikulu Mburuma, m'boma la Luangwa

Madzi a Luangwa akaphwa mu Seputembala ndi Okutobala, pamchenga pamatsala zitsa ndi mizu ya mitengo imene mtsinje unakokolola dzinja. Kwa ife ndi nkhuni basi. Koma kwa anthu oweta nsomba zokongoletsa m'mathanki agalasi, chikuni chotere ndi katundu wofunika. Mtengo wa mupani, umene ku Malawi amati tsanya, ndiwo wadzaza m'chigwa chathu chino, ndipo zidutswa zake zimagulitsidwa m'masitolo a ku Ulaya ndi ku America pa dzina loti mopani. Amaukonda chifukwa ndi wolemera, umamira wokha, ndiponso suola msanga m'madzi.

Chikunicho chimakongola mukamangirirapo zomera za masamba obiriwira. Vuto n'lakuti kamangidwe kolakwika kamaoletsa chomera, mwinanso kupha nsomba zonse.

THANKIYO NDI YOTANI?

Ndi bokosi lagalasi lomatidwa ndi silikoni. Ya masentimita 60 m'litali, 30 m'lifupi ndi 30 msinkhu imalowa malita 54, ndiye kuti zigubu zitatu za malita 20, chachitatucho osatha. Ikadzaza imapitirira makilogalamu 60, choncho imafuna tebulo lolimba, losapendekeka. Kusukulu, ana amaonerapo mmene nsomba imapumira ndi mmene mizu imakulira. Nsomba zambiri anazolowera kuziona zili kale pathandala.

Mdani wamkulu kuno ndi kutentha. Zomera za m'thanki zimakondwa madzi akakhala pakati pa madigiri 22 ndi 28, pomwe Okutobala wa kuno ku Feira amapyola 40. Ikani thanki m'chipinda chozizirirako, kutali ndi zenera lolowa dzuwa. Kapampu kakang'ono kopopera mpweya, koyendera batire kapena sola, kamathandiza kwambiri chifukwa madzi otentha amasunga mpweya wochepa.

KUSANKHA CHIKUNI

Tolani chikuni cholimba, chouma kalekale, chimene makungwa anasupuka. Chidindeni ndi chikhadabo: chikalowa, chikunicho chafumbwa, chisiyeni. Chinunkhizeni: fungo la mafuta a injini kapena la chovunda likutanthauza kuti sichiyenera.

Izi zisalowe m'thanki:
- nkhadze ndi mitengo ina yautomoni woyera, pakuti utomoniwo ndi ululu wophera nsomba;
- mapolo a magetsi kapena a mpanda othiridwa mankhwala a chiswe;
- matabwa opentedwa ndi zidutswa za bwato zopakidwa phula;
- mtengo wauwisi, chifukwa madzi ake amavunditsa thanki.

Potola pitani awiri, masana, ndipo musayandikire madzi akuya kumene kumabisala ng'ona ndi mvuu. Tembenuzani chikuni ndi ndodo musanachigwire, chifukwa pansi pake pamakonda zinkhanira ndi njoka. Musadule mtengo wamoyo, ndipo m'nkhalango yotetezedwa ya Lower Zambezi musatolemo kanthu. Ngati mukufuna kuchita malonda a zikunizi, yambani mwaonana ndi anyakwawa komanso a ofesi ya zankhalango ku boma, pakuti lamulo la nkhalango la 2015 limafuna chilolezo pa malonda a mitengo.

KUKONZA CHIKUNI

1. Chikwecheni ndi bulashi yolimba ndi madzi okha. Sopo ayi, ngakhale pang'ono.
2. Chiwiritseni mumgolo woyera kwa ola limodzi kapena awiri. Mgolo umene munali dizilo kapena mankhwala a thonje musauyese n'komwe. Kuwiritsa kumapha mazira a nkhono, ndipo nkhono zina za mumtsinje ndizo zimasunga tizilombo ta likodzo.
3. Chivikeni m'beseni kwa milungu iwiri, n'kumasintha madzi pakapita masiku awiri alionse. Poyamba madziwo amafiira ngati tiyi wopanda mkaka. Ndi utoto wa mtengo umenewo, ndipo umanka nuchepa.
4. Chikamayandamabe, chimangirireni mwala wosalala kunsi.

Masiku oyamba m'thanki, chikuni chikhoza kumera nkhungu yoyera yoterera. Musachite nayo mantha. Ipukuteni, imatha yokha.

ZOMERA ZOYENERA KUMANGA

Si chomera chilichonse chimene chimamangidwa. Zoyenera ndi zija zimene kwawo zimamera pamiyala ndi pamitengo: Anubias wa masamba ochindikala, wochokera kumitsinje ya kumadzulo ndi pakati pa Africa, Java fern wa ku Asia, ndi Java moss amene amayanga ngati ndere. Mungazifunse m'masitolo ogulitsa nsomba zokongoletsa ku Lusaka. Pobwera nazo pabasi, zikulungeni m'nyuzipepala yonyowa, muziike m'pulasitiki, ndipo zikhale pamthunzi.

Yang'anitsitsani Anubias kapena Java fern. Pali tsinde lobiriwira loyenda chogona ngati la bango. Masamba amatulukira pamwamba pake, mizu kunsi. Tsinde limeneli silikwiriridwa. Mukalifotsera mumchenga kapena kulimata lonse ndi guluu, limaola, masamba n'kuyamba kuthothoka limodzilimodzi. Liyenera kukhala poyera, madzi azilikhudza mbali zonse.

NJIRA ZITATU ZOMANGIRA

Ulusi wathonje wosokera. Iyi ndiyo njira yabwino kwa woyamba kumene. Tsukani chomera, dulani masamba oola ndi lumo loyera, ndipo mizu yaitali muifupikitse itsale masentimita awiri kapena atatu. Pezani mphako kapena mng'alu pachikuni, mugonekepo tsinde lija, mizu ili kunsi. Ligwireni ndi chala chachikulu, mukulunge ulusi wakuda kanayi kapena kasanu, ukudutsa pakati pa masamba, osapsinja nsonga imene ikuphuka. Mangani mfundo kuseri kwa chikuni. Kulimba kwake kukhale ngati pomangirira phwetekere kumtengo: chomera chisagwedezeke, koma ulusi usalowe m'tsinde. Ulusi wathonje umaola wokha, ndipo pofika nthawiyo mizu imakhala itagwira. Java moss muyaleni mopyapyala musanakulunge, chifukwa mukaunjika wapansi amafa.

Twaini ya mbedza. Imeneyi ili ponseponse kuno ndipo sioneka m'madzi, koma siola. Musasiye lupu lolendewera, chifukwa kansomba kakalowamo kamakodwa ngati mu ukonde. Dulani nsonga pafupi ndi mfundo, ndipo mizu ikagwira chotsani twaini yonse.

Guluu wa supa. Gulani wokhuthala, amene pachubu palembedwa kuti cyanoacrylate. Pukutani malowo ndi nsalu, donthezani timadontho tiwiri, mukanikizepo mizu kwa theka la mphindi. Guluuyo akhudze mizu kapena kachigawo kakang'ono ka kunsi kwa tsinde basi. M'madzi amasanduka woyera, ndipo akauma savulaza nsomba. Ana asagwire ntchito imeneyi okha, pakuti amamata zala ndipo ndi woopsa m'maso.

Pomanga, muziwaza masamba ndi madzi kuti asaume. Waya wamkuwa wa m'zingwe zamagetsi usalowe m'thanki, chifukwa mkuwa ndi poizoni kwa zamoyo zam'madzi. Chimodzimodzinso misomali, guluu wansapato, womatira machubu, ndi malegeni.

KASAMALIDWE

Thirani madzi a pamjigo oyera. Madzi othiridwa klorini akhale m'ndowa yosavindikira tsiku lathunthu kapena kupitirira asanalowe m'thanki. Siyani zomera zokha kwa milungu iwiri kapena itatu, kenaka muikemo tinsomba tochepa ngati matemba. Mapende amakumba mchenga, ena amadya masamba, ndipo mcheni ungamalize anzake onse. Musagwire nsomba m'nyengo yotseka usodzi, kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale. Sabata iliyonse chotsani gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi, muthiremo atsopano. Chakudya chikhale choti chithe m'mphindi ziwiri.

Mizu imatenga mwezi umodzi kapena iwiri kuti igwire, ndipo Anubias amatha milungu kuti atulutse tsamba limodzi. Musamakoke chomera kuti muone ngati chagwira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Timizu tatsopano tikayamba kukwawa pachikuni, dziwani kuti zatheka.

ZAM'THANKI ZISAPITE KUMTSINJE

Pamene nyanja ya Kariba inkadzaza, chomera choyandama chochokera ku South America, chotchedwa Salvinia molesta, chinaphimba pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a nyanjayo pofika 1962. Namasupuni, amene amatseka Kafue ndi Shire, anafalitsidwa m'maiko ambiri ngati duwa lokongoletsa. Chimene chingatayidwe mu Luangwa chimakalowa mu Zambezi pa Feira, n'kudutsa Zumbo mpaka ku Cahora Bassa. Choncho zomera zimene mwadulira ziumitseni padzuwa, muzitenthe. Madzi akale thirirani mitengo yapakhomo. Nsomba zogula musazitaye mumtsinje kapena m'dambo, pakuti lamulo la usodzi la 2011 limaletsa kulowetsa nsomba zachilendo m'madzi popanda chilolezo.

Musanagule thanki kapena kugwira nsomba, kaonaneni ndi alangizi a zansomba ku ofesi yawo ku boma la Luangwa.