Phunziro: Za Kuveka Nthaka ya Pakhomo

Abale okondedwa a ku Ulambya, ku Misuku, ku Wenya, ku Nthalire ndi kwa Kameme, phunziro la mwezi uno linena za nthaka yozinga nyumba zathu, ndiyo bwalo, kuseri kwa nyumba, ndi kadimba ka ndiwo. Mawu ake aakulu ndi awa: nthaka yamaliseche ithawa mwini wake, koma nthaka yovekedwa ikhala nimdyetsa.

1. Chimene mvula ichita pabwalo loyera

Ndi mwambo wathu kupala udzu wonse pabwalo ndi kusesapo m'mawa uliwonse. Mwambowu uli ndi nzeru zake, pakuti poyera njoka ioneka msanga, ndipo moto wa kutchire sufika padenga. Koma dziko lathu la Chitipa ndi lamapiri ndi zitunda, ndipo nyumba zambiri zamangidwa potsetsereka. Dontho la mvula likagwa pa dothi losafundidwa, liliphwanya. Ndipo madzi othamanga alinyamula.

Tiyeni tiwerenge. Denga la malata la mamita 8 m'litali ndi mamita 6 m'lifupi, ikagwa mvula ya mamilimita 20, litsanula malita 960, ndiwo ndowa 48 za malita 20. Madzi onsewa agwera pa kamzere kamodzi m'mbali mwa khonde. Chifukwa chake muona khonde lakwera kuposa kale, maziko a nyumba aonekera, ndi mizu ya mango ili pamtunda. Dothi limene linali pamenepo latsikira ku Lufilya kapena ku Songwe, nilowa m'nyanja, ndipo silibwera.

2. Chovala choyamba: miyala

Miyala imene tiitaya m'mbali mwa munda ndiyo mlonda wa maziko. Pamene pagwera madzi a padenga kumbani kangalande kosaya, nimuyale miyala yaikulu pansi ndi yaing'ono pamwamba, kuti madzi amenye mwala, asamenye dothi. Kangalandeko kaloze kutali ndi khoma, kakathere m'dzenje la nthochi. Potero madzi amene akadagwetsa nyumba abala mkoko.

Ngati pakhomo pali potsetsereka, ndandalikani miyala mopingasa chitunda, osati motsika nacho. Kuti mzere ukhale wolingana, mangani mitengo itatu monga chilembo cha A, nimupachike chingwe chokhala ndi mwala pansonga pake. Chingwe chikagwa pakati peni peni pa mtengo wopingasa, miyendo iwiriyo yaima polingana. Khomani zikhomo pamenepo. Mwala wapansi muukwirire pang'ono kuti madzi asaufukule. Pakupita zaka dothi lidzaunjikana kumtunda kwa mzerewo, ndipo padzakhala malo athyathyathya obzalapo ndiwo.

3. Chovala chachiwiri: kuphimbira

Iye wofuna mphunzitsi wa ntchito iyi alowe m'nkhalango za Mughese, Wilindi ndi Matipa ku Misuku. Palibe munthu asesamo kapena kuthiramo feteleza, koma akafukula masamba akugwa apeza dothi lakuda, lofewa ndi lachinyezi. Alimi a khofi a m'mapiri omwewo adziwa nzeru iyi, nayala masamba a nthochi ndi udzu patsinde pa mitengo yawo.

Chitani chomwecho m'kadimba ka mpiru, matimati ndi nkhwani. Yambani mwathira manyowa owola bwino ndi kuthirira, pakuti kufunda dothi louma sikulinyowetsa. Pamenepo yalani udzu wouma, mapesi odula, masangwi a nyemba kapena masamba a nthochi, kuchindikala kwake ngati zala zinayi. Chofundacho chitchinga dzuwa, chiletsa udzu kumera, ndipo chikawola chisanduka chakudya cha nyongolotsi, zimene ziboola dothi kuti madzi alowe. Mayi amene atunga madzi kutali m'mwezi wa Okutobala ndiye adzayamba kuona phindu lake, popeza maulendo a kuchitsime adzachepa.

Koma chenjerani ndi zinthu zitatu. Musagundanitse chofundacho ndi tsinde la mbewu, lingawole. Siyani mpata wa zala ziwiri kapena zitatu. Musayale udzu wokhwima njere, mungadzibzalire ntchito yopalira. Ndipo musachiyandikize ku khoma kapena ku nkhokwe, pakuti chiswe chikonda mapesi ouma, ndipo chikawatha chidzafuna nsichi. Nkhuku nazo zipalasa. Mpanda wa bango kapena wa mapesi uziletsa.

4. Chovala chachitatu: udzu wamoyo

Si bwalo lonse liyenera kukhala loyera. Siyani poyera pamene muyanika chimanga ndi mawere, ndi mpata wa mapazi atatu kuzinga nyumba. Kwinako bzalani kapinga mvula ikakhazikika mu Disembala, pakuti m'mera m'poyamba. Dulani nthambi zake zoyanga, nimuzikwirire m'mizere yotalikirana chikhato chimodzi. Akakula mumtchetche ndi chikwakwa kawirikawiri, kuti njoka ndi udzudzu zisowe pobisala. Koma musammete kufikira dothi, ndipo musamtenthe m'chilimwe. Angakhale aoneka wouma mu Seputembala, mizu yake ili moyo, ndipo mvula yoyamba idzamdzutsa. Mum'dulire malire ndi khasu, angalowe m'dimba, pakuti akalowamo avuta kumchotsa.

M'malire a kunsi kwa bwalo bzalani vetiva, ziputu zake motalikirana masentimita 10 kapena 15. Mizu ya udzu uwu itsika molunjika, nifika mamita awiri ndi kupitirira, ndipo sulanda malo a mbewu. Ukagwirana usefa madzi, dothi nilitsalira. Masamba ake mukawadula akhala chophimbira cha m'dimba.

5. Mawu kwa akulu

Alipo ena amene akamva za mizere yopingasa akumbukira zowawa. Ndi zoona kuti m'chaka cha 1946 boma la Atsamunda linaika lamulo losamalira nthaka, ndipo m'zaka zotsatira anthu ambiri m'Nyasaland analipitsidwa, ena namangidwa, chifukwa cha malimidwe. Masiku amenewo boma la Chitipa linkatchedwa Fort Hill. Anthu anadana ndi chikakamizo, ndipo chidanicho chinagweranso pa ntchito yomwe. Koma mvula siidziwa mwini lamulo. Lero palibe mesenjala adzaima pakhomo panu. Dothi ndi lanu, ndipo adzalilandira ana anu, lochuluka kapena lochepa monga mudzalisiyira.

Musayese kutha zonse chaka chimodzi. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Mwezi uno tutani miyala ya pansi pa denga; pokolola sungani mapesi, musawatenthe; mvula ikadza bzalani udzu.

Mafunso okambirana

Kodi madzi a padenga la nyumba yanu apita kuti, ndipo akumba potani?

Chifukwa ninji tiyamba kuthirira tisanaphimbire?

Ndi zinthu zitatu ziti zoyenera kuchenjera nazo pophimbira?

Kodi m'mudzi mwanu muli nkhalamba kapena wamasiye amene maziko a nyumba yake aonekera? Ndani adzamtutira miyala mvula isanagwe?